Fyuluta ya ftrace ikukana kugwira O_CREAT: vuto lili pa chizindikiro cha ==

Achimwene a ku Kasungu, mwati mukufuna kudziwa pulogalamu imene ikudzaza disiki ya seva ya kusukulu kwanu ndi mafayilo atsopano, ndipo mu ftrace, chida cha kernel ya Linux cholondola zochitika m'makina, mwalemba fyuluta ya flags == 64 pa sys_enter_openat (event yolembedwa pulogalamu ikamatsegula fayilo) koma sikutuluka kanthu. Nambala ya 64 ndi yolondola, ndiyo O_CREAT, flag youza kernel kupanga fayilo ngati kulibe. Cholakwika ndi ==.

Gawo la flags ndi nambala imodzi yonyamula ma bit angapo pamodzi. Shell ikamatsegula fayilo ndi >, imatumiza O_WRONLY (1, kulemba kokha), O_CREAT (64) ndi O_TRUNC (512, kufufuta zimene zinalimo) nthawi imodzi, zonse kukhala 577, kapena 0x241. Mapulogalamu ambiri amawonjezeranso O_CLOEXEC (0x80000). Choncho 64 yokhayokha simudzaiona kawirikawiri. Funso lofunika kwa kernel ndi lakuti "kodi bit iyi yayatsidwa?", ndipo imeneyo ndi ntchito ya &.

Khalani root kaye, kenako:

cd /sys/kernel/tracing
cat events/syscalls/sys_enter_openat/format
echo 'flags & 0x40' > events/syscalls/sys_enter_openat/filter
echo 1 > events/syscalls/sys_enter_openat/enable
cat trace_pipe

Fayilo ya format musaidumphe, ndi imene imakuuzani mayina enieni a magawo. Pa kernel yakale kuposa 4.1 malowa ali ku /sys/kernel/debug/tracing. Ngati foda ya syscalls kulibeko, kernel yanu inamangidwa popanda CONFIG_FTRACE_SYSCALLS.

Tsono apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Mu fyuluta ya ftrace, & imavomereza event bola bit imodzi yokha mwa zimene mwatchula ikhalepo. Mukalemba flags & 0x240 poganiza kuti mwapempha O_CREAT ndi O_TRUNC zonse ziwiri, mugwira chilichonse chokhala ndi imodzi mwa izo. Njira ya m'chinenero cha C, yolemba (flags & 0x240) == 0x240, fyulutayi imaikana, chifukwa imangolandira dzina la gawo, chizindikiro, ndi nambala, basi. Pofuna zonse ziwiri lembani flags & 0x40 && flags & 0x200. Zizindikiro za |, ^ ndi << kulibe, ndiye masamuwo chitani nokha musanalembe.

O_RDONLY ndi 0, ilibe bit. Fyuluta ya flags & 0 siidzagwira kanthu ngakhale muidikirire tsiku lonse. Mafayilo otsegulidwa kuti alembedwe mumawapeza ndi flags & 3, chifukwa O_WRONLY ndi 1 ndipo O_RDWR ndi 2. Owerenga okha ndi !(flags & 3).

Samalani kwambiri pokopera manambala mu fcntl.h, fayilo imene muli manambala a ma flag amenewa. M'menemo alembedwa mu octal (kawerengedwe ka manambala 0 mpaka 7): O_TRUNC ndi 01000, ndipo 0 wakutsogoloyo ali ndi ntchito. Mukamuchotsa n'kulemba 1000, kernel iwerenga 0x3E8, nambala yokhala ndi ma bit a O_CREAT, O_EXCL ndi O_NOCTTY momwemo. Sikudandaula, ingokupatsani mizere yambirimbiri imene simunaipemphe. Ine ndimakonda hex pa chifukwa chimenechi. Ndipo ngati sevayo ndi Raspberry Pi, dziwani kuti O_DIRECT ndi O_DIRECTORY zinasinthana manambala pakati pa x86 ndi ARM: 0x4000 ndi O_DIRECT pa x86 koma ndi O_DIRECTORY pa ARM. O_CREAT ndi O_TRUNC n'zofanana konseko.

Zina ziwiri si za kernel, ndi za shell. Mukaiwala zizindikiro za ' ' kuzungulira fyuluta, shell imatenga & ngati lamulo lothamangitsa echo kumbuyo, ndipo fyulutayo siifika. Komanso sudo echo ... > filter imalephera chifukwa > imachitidwa ndi shell yanu, osati ya root. Gwiritsani ntchito sudo tee. Kernel ikakana zimene mwalemba, chitani cat pa fayilo ya filter yomweyo, ikulozerani ndi ^ pamene palakwika. Kufufuta fyuluta ndi echo 0 > filter, ndipo mukamaliza lembaninso 0 mu enable.

Wina anena kuti bwanji osangogwiritsa grep. Fyuluta imataya event isanakhazikike mu ring buffer (malo amene kernel imasungiramo ma event), pomwe grep imabwera buffer itadzaza kale. Pa makina otanganidwa mudzaona mawu akuti LOST EVENTS mu trace_pipe, ndipo mzere umene munkaufuna ukhoza kukhala pakati pa otayikawo.

Chomaliza pa nkhani ya disiki yanu: O_CREAT ikutanthauza "panga ngati kulibe", sikuti fayilo yatsopano yapangidwadi. Mukaona dzina la pulogalamu ndi PID yake (nambala ya pulogalamu yothamangayo) kumanzere kwa mzere, chepetsani ndi common_pid == nambalayo, kenako yatsani sys_enter_write ndi fyuluta yomweyo ya PID kuti muone gawo la count, kuchuluka kwa ma byte amene ikupempha kulemba.