Kamera ikukana HDR, fulashi ndi 4K: kodi yawonongeka?

Funso: Amisiri, ndinagula kamera ya digito yogwirapo kale ntchito. Imajambula bwino, koma mu menyu mizere ina ndi yotuwa, ndikadina siyankha. HDR ikukanika, fulashi siyaka, ndipo vidiyo ya 4K imangoyamba n'kudziduka. Kodi ndagula yakufa?

Yankho: Mtima m'malo, akulu. Makamera ambiri amene amandipeza ndi dandaulo limeneli amakhala abwinobwino. Mzere ukatuwa, kamera ikukuuzani kuti pali china chimene chinatcheredwa kale chomwe sichiyendera limodzi ndi chimene mukufunacho. Poti kamerayi inali ndi mwini wake, n'kutheka kuti mukulimbana ndi zimene iyeyo anasiya.

Yambani ndi kagudumu ka pamwamba. Kakakhala pa Auto, kamera imadzisankhira zonse ndipo imakubisirani zambiri, monga ISO ndi white balance. Katembenuzireni pa P (Program, pamene kamera imakulolani kusintha zina nokha), mulowenso mu menyu. Mizere yambiri idzuka pompo.

HDR ikapitiriza kukana, onani mtundu wa fayilo imene mukujambulira. Apa ndi pamene anthu ambiri amakodwa. RAW ndi chithunzi chosaphika, monga momwe sensa (kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera) yachionera, pomwe HDR ndi ntchito yoti kamera ijambule zithunzi zingapo, zina zowala zina zakuda, n'kuziphatikiza kukhala JPEG imodzi. N'chifukwa chake pa makamera ambiri ziwirizi sizikhalira pamodzi. Pa Sony, RAW imatsekanso Clear Image Zoom, njira yokuzira chithunzi mwa digito. Sinthani muike JPEG muone. Ndipo musamangoudumpha mzere wotuwawo: pa makamera ambiri atsopano a Sony ndi Canon, mukausankha n'kudina batani lapakati, pamatuluka uthenga wonena chimene chautsekereza. Zimandimvetsa chisoni kuona munthu akulipira mmisiri pa nkhani imene kamera ikanamuuza yokha.

Za fulashi, fufuzani ngati silent shooting (kujambula mopanda phokoso) kapena electronic shutter (shata ya magetsi) ili yoyatsa. Shata ya magetsi imawerenga sensa mzere ndi mzere, pomwe fulashi imangoti ng'ani kamodzi, choncho makamera ambiri amaitseka kuti chithunzi chisatuluke chowala mbali imodzi. Bwererani ku mechanical shutter, shata yamakina yomwe imatseguka n'kutsekeka.

Vidiyo yodziduka kawirikawiri ndi nkhani ya memori khadi. Yang'anani pa khadipo ngati palembedwa U3 kapena V30. Zizindikirozi zikutanthauza kuti khadiyo imalemba ma megabyte osachepera 30 pa sekondi, pomwe ya Class 10 imangolonjeza 10. Khadi ikalephera kumeza zimene kamera ikutumiza, kujambula kumaima. Makhadi achinyengo aliponso, olembedwa V30 koma m'kati muli ulesi wokhawokha, ndiye bwerekani ina yodalirika muyesere. Khadi ikakhala yabwino koma pa sikirini pakuoneka chizindikiro cha kutentha, zimitsani kamera ipume pamthunzi.

Zonsezi zikakanika, pitani pa Reset kuti kamera ibwerere momwe inachokera ku fakitale. Chonde musasokoneze Reset ndi Format. Reset sikhudza zithunzi zanu, koma Format imasesa khadi yonse.

Funso: Nanga ndikaikapo lenzi yakale, bwanji imangolola M yokha?

Yankho: Lenzi zamakono zili ndi timano tachitsulo kumbuyo tolankhulirana ndi kamera. Yakale yopanda timanoto siitha kuuza kamera kukula kwa bowo lolowera kuwala, motero kamera singawerengere yokha. Pa Nikon D3500 ndi zinzake za mtundu umenewo, lenzi yotere imagwira pa M basi (Manual, pamene mumatchera zonse nokha), ndipo si vuto ayi. Ngati lenzi ili ndi timano komanso mphete ya aperture (yosinthira kukula kwa bowo lija), ndipo Nikon ikulemba FEE, zungulizani mpheteyo kufika pa nambala yaikulu kwambiri, monga 22, n'kuikhoma pomwepo. Pa Canon, Err 01 ndi kusamvana kwa lenzi ndi kamera: zimitsani, chotsani lenzi, pukutani timano ndi kansalu kouma kofewa.

Nthawi yobwera nayo kwa ife ndi pamene mwachita Reset, mwaika kagudumu pa A koma sikirini ikuonetsa S, kapena chilembo chikudumphadumpha chokha. Pamenepo timawaya ta pansi pa kagudumu tatha kapena talowa fumbi. Musathiremo mafuta kapena sipirei, chifukwa amayenderera mpaka pa bodi ya m'kati, ndipo ntchito yosintha kagudumu kokha imasanduka yosintha bodi yonse.