Galimoto imagona kuti usiku?

Achimwene, mwafunsa ngati inshuwalansi ya galimoto yanu igwirabe ntchito poti munalembetsa adiresi ya achemwali anu ku Leicester koma mudasamukira ku Manchester chifukwa cha ntchito. Chonde aimbireni a kampaniyo lero lomwe. Kuno ku UK mtengo amawerengera postcode (nambala ya dera ya pa adiresi) ya komwe galimoto imagona, komanso ngati imagona m'galaja kapena pamsewu. Ikabedwa pakhomo panu ku Manchester adzafufuza, ndipo akaona kuti munabisa dala, akhoza kukana kulipira n'kuthetseratu inshuwalansiyo. Zikatero kupeza ina kumavuta, mtengonso umakwera.

Mwina akuwonjezerani ndalama pamwezi, lipirani ndithu. Musinthenso adiresi pa laisensi ndi pa V5C (chikalata cha kalembera wa galimoto) ku DVLA, ofesi ya boma yoona za malaisensi ndi kalembera wa magalimoto. N'zaulere, koma mukapanda kutero chindapusa chimatha kufika £1,000.