Masekondi 30, maola awiri: kodi laputopu yatopa kapena mwaisenzetsa katundu wolemera?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Santhe, kwa mnyamata amene amajambula maukwati ndi zinkhoswe. Posachedwa wayamba kupanganso timakanema toitanira anthu ku ukwati, tija timazungulira pa WhatsApp, mayina a akwati akuuluka pakati pa maluwa. Walemba motere:

"Achimwene, ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ya After Effects pa laputopu ya Core i5, RAM 8GB, hadi disiki yakale ija. Kanema wa masekondi 30 akumanditengera maola awiri kuti ndirende, ndipo magetsi akathima pakati ndimayambiranso pachiyambi. Mnzanga akuti ndigulitse laputopuyi, ndigule ya magemu yokhala ndi graphics card. Bambo ati akagulitsa fodya ku Chinkhoma andiwonjezera ndalama. Kodi ndigule?"

Achimwene anga, ndalama za fodyazo musazikhudze kaye. Bambo azikhetsera thukuta chaka chathunthu, ndipo ndikukayika kwambiri ngati makina atsopano ndiwo mankhwala a matenda anuwa. Tiyeni tiwerenge kaye masamu.

Kanema ndi zithunzi zambirimbiri zondondozana, mafulemu. Ngati mwasankha mafulemu 25 pa sekondi, kanema wa masekondi 30 ali ndi mafulemu 750, ndipo kurenda ndiko kujambula iliyonse mwa iwo payokhapayokha. Maola awiri ndi masekondi 7,200. Mukagawa, mupeza kuti kompyuta yanu ikutha masekondi pafupifupi 10 pa fulemu imodzi yokha. Funso lenileni ndi limeneli: mu fulemu imodziyo muli chiyani chodya masekondi 10? Mayina awiri, tsiku la ukwati ndi chithunzi cha akwati sizingatero. Chilipo china chimene chabisala.

Ndikuganiza kuti ndikuchidziwa. Ambiri a ife timatsitsa template, ntchito yokonzedwa kale ndi munthu wina, pa intaneti, n'kungosintha mayina ndi zithunzi. Palibe cholakwa, inenso ndinayambira pomwepo. Koma ma template amenewa amapangidwa ndi anthu a makina amphamvu, ndipo ambiri amabwera pa 4K. Fulemu ya 1920x1080 ili ndi timadontho 2,073,600. Ya 4K, 3840x2160, ili ndi timadontho tochuluka kanayi. Ntchito yonseyo mukuigwirira kanema amene akaoneredwa pa foni, WhatsApp itamufinya kale mpaka kutsala kadyonkho. Ngakhale 1280x720 imakwanira pa ntchito imeneyi, ndipo timadontho take sitifika ndi theka lomwe la 1920x1080.

Mu After Effects, pansi pa bokosi la Project pali pamene palembedwa 8 bpc, 16 bpc kapena 32 bpc, nambala yosonyeza kuzama kwa mitundu ya kadontho kalikonse. Yang'anani pamenepo. Pa 8 bpc, fulemu ya 1920x1080 imatenga malo okwana 8MB mu RAM, momwe kompyuta imasungira zimene ikugwirirapo ntchito panthawiyo. Pa 16 imatenga kawiri, pa 32 kanayi. Tsono sekondi imodzi ya kanema pa 8 bpc ndi 200MB ndi kanthu pamwamba, masekondi 10 ndi 2GB. Pa 8GB yanuyo Windows yadyapo kale gawo lake, Chrome ngati ili yotsegula yadyaponso. N'chifukwa chake mzere wobiriwira uja, wosonyeza mafulemu amene akonzeka, umaima panjira mukamaonera ntchito musanarende. Opanga ma template amakonda 32 bpc chifukwa kuwala kumakongola, koma pa kanema woitanira ku ukwati bwererani pa 8, muone ngati maso anu angasiyanitse.

Kenako zithunzi. Kamera yanu ikajambula chithunzi cha 6000x4000, ndiye timadontho 24 miliyoni. Mukachiponya chomwecho mu After Effects n'kuchichepetsa ndi Scale, pulogalamu imanyamulabe chithunzi chonsecho. Zikakhala zithunzi khumi za akwati, ndi katundu wa ngolo pa njinga ya kabaza. Zichepetseni kaye kunja, m'lifupi mukhale timadontho 2000 kapena kuposera pang'ono ngati mukufuna kumazikokera pafupi, ndiye muzilowetse.

Simuyenera kulosera. Kuyambira pa After Effects 2022, imene inatuluka mu Okutobala 2021, pa timeline, pamene mumasanjira zidutswa za kanema zotchedwa ma layer, pali gawo lotchedwa Render Time, limene limaonetsa nthawi imene layer iliyonse ikudya. Litseguleni. Kawirikawiri mupeza kuti mwa ma layer 40, awiri kapena atatu ndiwo akudya pafupifupi nthawi yonse: timaluwa touluka ta particles, Glow wounjikidwa katatu, Camera Lens Blur, kapena depth of field ya kamera ya 3D. Ngati muli ndi After Effects yakale yopanda gawoli, zimitsani kadiso ka layer imodziimodzi, muone pamene liwiro likusinthira. Motion blur nayo ndi yodula. Kuti chinthu chioneke ngati chikuthamanga, pulogalamu imachijambula kangapo mkati mwa fulemu imodzi n'kusakaniza, ndipo poyambira pake inaikidwa pa 16. Mu Composition Settings, pa Advanced, mungatsitse nambalayi kufika pa 8. Pa foni palibe mlendo wa ku ukwati amene adzazindikire.

Mukachipeza cholemeracho, chitani chimene chinasintha ntchito yanga kuposa china chilichonse. Kumbuyo kuja, maluwa ndi kuwala, sikusintha kuchoka pa ukwati uno kupita pa wina. Chimene chimasintha ndi mayina, tsiku ndi zithunzi. Ndiye rendani kumbuyoko kamodzi kokha, ngakhale kutenge usiku wonse, mukusunge ngati kanema wa ProRes kapena DNxHR, mitundu ya faelo yosafinya kanema kwambiri. Kasitomala wina akabwera, mumangoyala kanemayo pansi n'kulemba mayina pamwamba. Ndipo mukudziwa mmene zimakhalira: mwatumiza kale, ankhoswe aimba foni kuti dzina la mudzi wa mkazi lalakwika chilembo chimodzi. Pamenepo m'pamene mudzayamikire kuti maluwa aja simukuwarendanso.

Mukamagwira ntchito, pansi pa chithunzi sinthani Full ikhale Half kapena Quarter. Half imawerenga gawo limodzi mwa magawo anayi a timadontho, Quarter limodzi mwa 16. Mabatani a B ndi N amakudulirani kachigawo kokha kamene mukufuna kuonera.

Tsopano za magetsi, zimene zandikhudza kwambiri m'kalata yanu. Chaka china ndinkakonza kanema wa kwaya ya mpingo wina kuno ku Kasungu, woti akaonetsedwe Lamlungu. Loweruka usiku, ntchito itatsala pang'ono kutha, magetsi anathima, batire linali lofooka, laputopu n'kuzima. Faelo ya MP4 inalipo, kukula kwake kukuoneka, koma yosatseguka. MP4 nthawi zambiri imalemba ndondomeko ya mafulemu ake kumapeto, ndiye ikadukira panjira zonse zapita. Ndinapita kukapepesa kwa amayi a kwaya aja m'mawa, atavala kale yunifolomu, ndipo nkhope zawo sindinaziiwale.

Chiyambire tsiku limenelo ntchito yaitali sindiirendera ku MP4 mwachindunji. Mu Output Module ndimasankha PNG Sequence, n'kupatula foda yakeyake. Fulemu iliyonse ikatha imasungidwa ngati chithunzi pachokha. Magetsi akathima pa fulemu 600, mafulemu 600 aja alipo. Akayaka, fufutani chithunzi chomaliza, poti mwina chinalembedwa theka, ndipo mu Render Settings chongani Skip existing files. Pulogalamu idzalumpha zimene zilipo kale n'kupitiriza pamene inalekera. Pomaliza mumalowetsa zithunzizo ngati kanema mmodzi, n'kuikapo nyimbo, poti PNG simanyamula mawu, ndiye n'kutulutsa MP4. Gawo lomalizali ndi la mphindi zochepa chabe.

Dziwaninso kuti laputopu ikachoka pa chaja imadzichepetsera yokha liwiro pofuna kusunga batire. Chimodzimodzi ikatentha: purosesa imabwerera m'mbuyo kuti isapse. Kutentha kwa Okutobala ndi fumbi la kwathu kuno mukulidziwa. Ngati fani sinapukutidwe chigulireni, ipititseni kwa wokonza aichotse fumbi, asinthenso thermal paste, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa. Musamarendere pa bedi kapena pa mkeka woyalidwa chitenje. Ikwezeni kumbuyo ndi mabuku awiri kuti mpweya uzidutsa, ndipo ntchito yolemera muziisiyira usiku kukazizira.

Nanga graphics card, khadi lija lothandiza kompyuta kujambula zithunzi? Mnzanuyo sananame kotheratu. Mukanakhala kuti mumagwiritsa ntchito DaVinci Resolve, kapena Blender ndi Cycles yake, ndikanavomera msanga, chifukwa mapulogalamu amenewo amatsamira kwambiri pa khadi. After Effects ndi yosiyana. Ma effect ena, monga Gaussian Blur ndi Lumetri Color, amathandizidwa ndi khadi, koma ntchito yaikulu imagwera purosesa ndi RAM. Multi-Frame Rendering, imene inabweranso mu After Effects 2022 muja, imalola pulogalamu kurenda mafulemu angapo nthawi imodzi, koma fulemu iliyonse imafuna malo ake mu RAM, ndiye pa 8GB phindu lake n'lochepa. A Adobe eniake amanena kuti 16GB ndiye poyambira. Ndaonapo anthu atagula laputopu ya magemu ya nyali zamitundumitundu, koma RAM yake ili 8GB yomweyo, n'kumadandaula chimodzimodzi.

Ngati pali kandalama kanu, kopeza pa maukwati, kayambe ndi zinthu ziwiri. Tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, kenako Memory. Pamenepo muona ngati pali malo opanda kanthu oikapo RAM ina. Pa malaputopu ena RAM inawotchereredwa pa bolodi ndipo sisinthika, choncho onetsetsani musanagule, ndipo mtundu wake, DDR3 kapena DDR4, ufanane ndi umene uli mkatimo. Chachiwiri ndi SSD, disiki yachangu yosazungulira, m'malo mwa hadi disiki ija. After Effects imasunga mafulemu amene yawerenga kale pa disiki, mu Disk Cache, kuti isawawerengenso, ndipo pa hadi disiki yozungulira kusunga ndi kutenga kumeneku kumachedwa. Ziwirizi pamodzi mtengo wake ndi kachigawo chabe ka laputopu yatsopano. Mukakagula ku Lilongwe, nyamulani laputopuyo, aziikemo inu muli pomwepo, muiyatse muone kuti 16GB yawerengedwa musanalipire.

Chitani izi sabata ino pa kanema yemwe uja wa maola awiri, osati wina: tsitsani pa 1920x1080 kapena 1280x720, bwererani pa 8 bpc, chepetsani zithunzi, rendani maluwa padera. Mulembe nthawi imene yatenga, ndi dzina la layer imene inali pamwamba pa Render Time, munditumizire. Ngati fulemu imodzi idzakhale ikudyabe masekondi oposa awiri kapena atatu, pamenepo tidzakambirana za makina, ndipo ndidzakuuzani zoyenera kuyang'ana musanapite kwa bambo.