Cascais kapena Sintra? Yankho kwa achemwali opita ku Portugal ndi mayi awo

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena okhala ku Leeds ku UK, akuti mwezi wamawa akupita ku Lisbon ndi mayi awo amene abwera kudzacheza kuchokera kumudzi, ndiye ali ndi tsiku limodzi lokha loti atulukeko mutauni. Anzawo onse akuwauza za Sintra, tauni ya kufupi ndi Lisbon, koma iwo anaona chithunzi cha nyumba ina yachikasu yokhala ndi nsanja m'mphepete mwa nyanja ku Cascais ndipo mtima wawo uli kumeneko. Akufunsa kuti kodi nyumba imodzi nkuitayira tsiku lonse, nanga mayi poti mawondo amavuta akakwanitsa?

Achemwali, pitani ku Cascais, musakayike. Sintra ndi yokongola zedi sindikukana, koma ndi kumapiri, zitunda zokhazokha, mizere ya anthu pa basi ndi pa geti, amayi akafika pamwamba atatheratu ndipo zimene mwapitirazo sakaziona bwino. Cascais mbali imene mukufunayo ndi pansi, mukuyenda pang'onopang'ono mphepo ya kunyanja ikukuombani.

Nyumba mwaionayo ndi Museu Condes de Castro Guimarães. Kafikidwe kake nkosavuta, mukwere sitima pa siteshoni ya Cais do Sodré mu Lisbon momwemo, ulendo wake ndi wa mphindi pafupifupi 40 ndipo Cascais ndi pothera njanji ndiye palibe zoti mwina tapitirira. Mukhale mbali ya kumanzere popita, amayi muwapatse pawindo, chifukwa sitimayo imayenda m'mbali mwa mtsinje wa Tejo kudutsa Belém kenako mtsinje uja umangosanduka nyanja mukuona, mpaka Estoril mpaka kufika. Kuchokera pa siteshoni wapansi ndi mphindi 15 kapena 20 kwa munthu wa miyendo yabwino, inu tengani takisi popita, mphamvu za amayi muzisungire mkati mwa nyumbamo. Lolemba musapite, amatseka.

Chimene ndikufuna mudziwe musanalowe ndi mbiri yake, chifukwa mukalowa osaidziwa mungoona mipando yakale ndi mbale basi mphindi 20 mwatuluka. Cascais unali mudzi wa asodzi. Mu 1870 mfumu Luís I inayamba kumakhala kumeneko nyengo yotentha, mu linga la Cidadela lomwe mudutse pafupi nalo, ndiye mukudziwa kumene yapita mfumu olemera onse amalondola, aliyense kufuna kumanga yoposa ya mnzake. Mmodzi wa iwo anali Jorge O'Neill, Mpwitikizi koma makolo ake akale anachokera ku Ireland, ndipo iye ndi amene anamanga nyumbayi cha m'ma 1900 nkuitcha Torre de São Sebastião potengera katchalitchi kakale ka São Sebastião kamene kali pambali pake mpaka lero. Anajambula pulani ndi Francisco Vilaça. Munthuyu sanafune mtundu umodzi wa kamangidwe ayi, anatola uku ndi uku, nsanja ngati ya malinga akale, makhonde a zipilala, bwalo lamkati lokhala ndi kasupe ndi matailosi a mtundu wa Aluya aku Spain, zonse m'nyumba imodzi. Ena amati nzosakaniza mopyola, ine ndimaikonda chifukwa chomwecho, ukuona kuti mwini wake anali ndi maloto ndipo sanawabise.

Ndiye mukalowa muyang'ane kudenga. Muli chipinda china chotchedwa Sala dos Trevos, denga lake analijambula timasamba titatutitatu tija timene ndi chizindikiro cha dziko la Ireland. Banja lakhala ku Portugal mibadwo ingapo, chilankhulo ndi Chipwitikizi, koma bamboyo anafunabe kuti alendo ake akakweza maso adziwe kwawo kwa makolo ake. Inu amene mukulera ana ku Leeds ndikhulupirira chipinda chimenecho mukachimvetsa kuposa alendo ena onse, ndipo amayi muwafotokozere, akasangalala.

O'Neill sanakhalitsemo. Ndalama zinavuta ndipo mu 1910, chaka chomwe ufumu unagwa ku Portugal, anagulitsa nyumbayo kwa Manuel de Castro Guimarães, munthu wa za mabanki amene anali ndi udindo wa Conde, dzina laulemu la anthu apamwamba m'nthawi ya mafumu. Uyu ndiye anadzaza nyumba ndi katundu mukamuoneyo, mabuku, zasiliva, mbale zadothi zaku China, zojambula, makabati a matabwa ogoba ochokera ku India nthawi imene Apwitikizi ankalamulira Goa. Makabati amenewo muwayang'ane bwino, zombo zimene zinkanyamula katundu wotere pakati pa Goa ndi Lisbon zinkaima pa chilumba cha Mozambique, ndiye nkhani yake si yakutali ndi ife monga mmene ikuonekera. Analinso wokonda nyimbo kwambiri moti anaikitsa limba lalikulu la mapaipi m'chipinda choimbira, lija mumaliona m'matchalitchi akuluakulu, koma ili m'nyumba ya munthu, mpaka anachita kusintha chipindacho kuti likwane.

Koma chuma chenicheni cha m'nyumbamo ndi buku limodzi lolembedwa pamanja koyambirira kwa zaka za m'ma 1500, mbiri ya Afonso Henriques mfumu yoyamba ya Portugal, yolembedwa ndi Duarte Galvão. Muli chithunzi chojambula pamanja cha mzinda wa Lisbon ndi zombo pamtsinje, ndipo kufunika kwake nkoti Lisbon ameneyo kulibenso, chivomezi cha 1755 pamodzi ndi moto ndi madzi osefukira zinagumula mbali yaikulu ya mzindawo. Inu mudzakhala mutayenda kale m'misewu yowongoka ya Baixa, pakati pa Lisbon, imene anamanga pambuyo pa chivomezicho, ndiye imani pamenepo nthawi ndithu mufananize. Anthu ambiri amangodutsa akuthamangira kukajambula nsanja, zimandiwawa.

Conde uja anamwalira mu 1927 wopanda mwana ndipo anasiyira anthu a Cascais nyumba, katundu ndi munda womwe, kuti ikhale myuziyamu ndi laibulale. Inatsegulidwa mu 1931. Chaka chotsatira mlakatuli Fernando Pessoa, amene lero chiboliboli chake alendo amalimbirana kujambulitsa nacho ku Chiado mu Lisbon, anafunsira ntchito yoyang'anira malowa koma sanamutenge. Ameneyutu anakulira ku Durban, sukulu anaphunzira kumeneko.

Tsopano za madzi, izi nzofunika ngati mukufuna chithunzi chija munachiona. Nyumbayo ili pa kagombe kakang'ono ka Santa Marta pomwe nyanja imalowa pansi pa mlatho wamiyala. Nyanja yamchere si ngati yathu ya Malawi, imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku, ikadzaza madzi obiriwira amafika mpaka m'tsinde mwa khoma la nyumba, ikaphwa mupeza mchenga ndi miyala. Musananyamuke fufuzani pa intaneti nthawi imene madzi adzaze ku Cascais tsiku limenelo nkukonza ulendo mozungulira nthawiyo, imasuntha tsiku ndi tsiku ndiye musadalire zimene anakuuzani mnzanu amene anapita chaka chatha. Madziwo ndi ozizira kwambiri ngakhale dzuwa liswe mtengo, amayi angoviika phazi basi.

Za mawondo. Zipinda zikuluzikulu zapansi akaziona bwinobwino, zam'mwamba nzokwera masitepe ndiye ngati atopa asakakamizike, akhale pa benchi mu Parque Marechal Carmona, paki imene yagundana ndi nyumbayo, muli mithunzi, dziwe, nkhuku ndi mapikoko zikungoyendayenda. Chimene ndikuchenjezeni ndi misewu ya timiyala ija ya ku Portugal, imaterera makamaka kukagwa kamvula, nsapato zikhale zafulati za mphira, masilipasi ayi.

Mukatuluka muwoloke msewu. Tsidya lake kuli Casa de Santa Maria, nayonso anamangitsa O'Neill yemweyo mu 1902, pulani ya Raul Lino, yodzaza matailosi akale, ndipo pambali pake pali nsanja younikira zombo ya Santa Marta ya mizere yoyera ndi yabuluu. Zitatuzi zili malo amodzi, simuyenda mtunda. Ku Boca do Inferno, kumene mafunde amamenya m'phanga la thanthwe, ndi patsogolo pang'ono ndi msewu womwewo, kumeneko ngati amayi akadali ndi mphamvu tenganinso takisi. Nkhomaliro mukadye nsomba yootcha mkati mwa tauni, muchoke pang'ono pa malesitilanti oyang'ana kunyanja chifukwa pamenepo mumalipira mawonekedwe.

Chomaliza, poti mwati amayi achokera kumudzi, viza ya ku UK sigwira ntchito ku Portugal. Pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, payokha, ndiye zimenezo zitheke kaye musanagule matikiti a ndege.