Funsani Amakaniko: Mustang ya 1968 ikudzandira pamsewu wa Nchalo

Funso: Amakaniko, ndili ndi Ford Mustang ya 1968, ya injini ya V8, imene malume anga anabwera nayo kuchokera ku Joni. Injini tinaidzutsa, ikulira bwino. Chandivuta ndi chiwongolero. Ndimachipotoza chikhatho chathunthu matayala asanayankhe, ndipo ndikathamanga pakati pa Nchalo ndi Ngabu galimoto imangodzandira. Si ya power steering. Mnzanga wina akuti ndingomanga sikuluwu ya pamwamba pa bokosi la sitiyaring'i, wina akuti ndiitanitse rack yoika m'malo mwa bokosilo. Ndimvere uti? Wowerenga wa ku Nchalo.

Yankho: Achimwene, onse awiriwo ayambe adikira kaye. Sikuluwu imeneyo yapha mabokosi ambiri kuposa maenje a mumsewu.

Galimoto yanu ilibe rack, ndodo ya mano yokhotetsa matayala, ngati Toyota za masiku ano. Ili ndi bokosi la recirculating ball, ndipo kuchokera pabokosipo mphamvu imadutsa pa pitman arm (kamkono kotuluka m'bokosi), centre link (ndodo yopingasa pakati), idler arm ndi ma tie rod end anayi (timfundo ta kunsonga kwa ndodo zokoka matayala) isanafike ku matayala. Polumikizira paliponse pakakhwepa pang'ono, kukhwepako kumasonkhana, inu n'kumakumva m'manja ngati vuto limodzi lalikulu. Ndiye musasake pa bokosi pokha ayi.

Ikani galimoto pamalo osalala, matayala ali pansi, osati pa jeke. Wina akhale mkati azigwedeza chiwongolero uku ndi uku pang'onopang'ono, inu mugone kunsi ndi tochi. Gwirani ndi dzanja polumikizira paliponse, mumva kugogoda ngakhale maso asanaone. Yambirani pa rag joint, kamphira kozungulira kolumikiza ndodo ya chiwongolero ndi bokosi. Ine ndaonapo kotere kataumiratu, kong'ambika m'mabowo a mabawuti, ndodo ikuzungulira yokha bokosi lili duu. Kuno ku chigwa kumene mwezi wa Okutobala dzuwa limapitirira madigiri 40, mphira sachedwa kuuma. Tikamphira totchinga girizi pa ma tie rod end tikang'ambika, fumbi limalowa, ndipo ngati galimotoyo inaimapo m'madzi osefukira, girizi wa mkatimo ndi matope okhaokha.

Pa magalimoto a mtundu umenewu amene andidutsa m'manja, wolakwa kawirikawiri amakhala idler arm, kamkono ka mbali ya pasinjala kogwiriziza centre link. Kagwireni kunsonga, kakankheni m'mwamba ndi pansi. Kakamadumpha, teyala la mbali imeneyo likudziwongolera lokha, ndiye kudzandira mukunenako. Kenako kwezani pa jeke muyese ma ball joint ndi mabering'i a matayala, muonenso mabushi a strut rod, ndodo zogwira mikono ya m'munsi ya matayala, kutsogolo. Mabawuti omangira bokosi ku chasisi nawo ayeseni ndi sipanala.

Zotha zonse mukasintha, pitani kukachititsa alayimenti, koma apa mpofunika kulankhula ndi amene akugwira makinawo. Mu 1968 galimotoyi inkatuluka ndi matayala achikale a cross-ply, ndipo caster (kupendekera kumbuyo kwa mzere umene teyala limakhoterapo) ya ku fakitale inali yochepa kwambiri, pafupi ndi ziro. Inu ndikhulupirira mwaika ma radial, amene amafuna caster yochulukirapo kuti galimoto izigwira mzere ndiponso chiwongolero chizibwerera chokha mukatuluka pakona. Apempheni aike madigiri 2 a positive, mbali zonse mofanana, ndi toe-in (kuyandikirana kwa matayala kutsogolo kwake) ya mamilimita 3. Pa Mustang ya chaka chanu caster amasinthira pa manati a strut rod, si ntchito yovuta. Dziwani kuti popeza mulibe power steering, chiwongolero chilemerako poimika pamsika. Ine ndingasankhe kutuluka thukuta poimika kusiyana n'kulimbana ndi galimoto ndikupitirira thirakitala ya nzimbe, makamaka poti chiwongolero chanu chili kumanzere ndipo kutsogolo simuona bwino.

Tsopano bokosi. Analipanga kuti lizikhala lothina pang'ono pakati penipeni, matayala akaloza kutsogolo, ndi lomasukirapo m'mbali. Vuto n'lakuti limathanso pakati pomwepo, poti galimoto nthawi zambiri imayenda molunjika. Mnzanu akamanga sikuluwu mpaka kukhwepa kwa pakati kutheretu, m'mbali mano amalumana, chiwongolero chimakanirira. Taganizani mukutsika makhotakhota a ku Thabwa kuchokera ku Blantyre, chiwongolero n'kukana kubwerera! Kachitidwe kake nkaka: masulani pitman arm ku centre link, yambani mwakonza preload, kapena kuti kuthina, kwa mabering'i a worm (shafiti ya mazinga m'kati mwa bokosi), kenako muike bokosi pakati, mumasule loko nati, muzimanga sikuluwu pang'onopang'ono, osafika n'kota ya mzungulire nthawi imodzi, mukuyesa kuchokera mbali ina kukafika ina. Pakati pazimveka kugwira pang'ono chabe. Mukamva kukhakhala kapena kukodwa, bokosilo latha, likufunika kuphwasula. Muonenso girizi. Mabokosi a Ford amenewa amaikamo girizi, ndipo ambiri chiikireni ku fakitale sanawonjezeredwepo.

Za rack, zilipo zopangira Mustang, koma zimachokera ku America, ndipo mukaphatikiza mtengo, kutumiza ndi msonkho wa MRA, ndalama yake ingasinthe zonse ndatchulazi n'kutsalako. Zina zimachepetsanso kakhotedwe, galimoto n'kumafuna bwalo lalikulu potembenuka. Ngati pali ndalama yapadera, gulani export brace ndi Monte Carlo bar, zitsulo zogwira nsanja za mashokabu kuti zisamapindikire mkati. Pa misewu yathu ya fumbi yopita ku East Bank zimathandiza ndithu, koma musanazimange yang'anani ngati nsanjazo zilibe ming'alu.

Mukamaliza, kukhwepa kwa chiwongolero kusapitirire zala ziwiri. Ma tie rod end ndi idler arm poitanitsa nenani chaka chenicheni ndiponso kuti ndi yopanda power steering, chifukwa za 1966 sizilowa pa ya 1968.