Galu anandiluma chaka chatha, pano ndikuopa ndi likhweru lomwe

Funso: Adokotala, chaka chatha galu wa aneba anandiluma, bala linapola koma mtima umangothamanga ndikamva unyolo kapena geti likulira, ngakhale likhweru lomwe mwini wake amamuitanira, chonsecho tsiku limenelo panalibe amene anaimba likhweru. Njira ya kumeneko ndinasiya kudutsamo ndipo mnzanga amandigayirako mapilitsi ochepetsa nkhawa otchedwa diazepam. Kodi mutu wanga uli bwino?

Yankho: Mayi, simukuyamba misala ayi. Ubongo wanu unali utazolowera kale kuti likhwerulo likalira ndiye kuti galu akubwera, ndiye galuyo atakulumani mantha anadzera mwa iye kukafika ku likhweru, ku unyolo, ku geti. Kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala kamafulumira kuchenjeza munthu asanaganize n'komwe. Mu 1920 ofufuza za maganizo a anthu, John Watson ndi Rosalie Rayner, ankachita phokoso loopsa pomenya chitsulo ndi hamala nthawi iliyonse kamwana kena dzina lake Albert kakamagwira khoswe woyera, posakhalitsa kanayamba kuopanso kalulu, galu ngakhale chikhoti chaubweya.

Koma nkhani yosiya njirayo ndi imene ndikufuna tikambirane, chifukwa anthu ambiri amakakamira zoti ukamapewa chokuopsacho mantha adzatha okha. Satha. Mukalambalala mtima umakhala pansi nthawi yomweyo, zoona, koma ubongo umangoti eya ndapulumuka chifukwa ndathawa, ndiye suphunzira kuti geti silimaluma, mawa mupeza mukuopa msewu wina, kenako kutuluka m'nyumba kumene. Wofufuza wina, Mary Cover Jones, mu 1924 anathetsa mantha a kalulu mwa kamnyamata kena, Peter, pomasendeza kaluluyo pafupi pang'onopang'ono iko kakudya zomwe kamakonda. Mpaka lero chithandizo chake chimayendera momwemo.

Nanga chaka chonse mwakhaliranji osapita kuchipatala mayi? Ndipo diazepam wa mnzanuyo si wogawana, thupi limamuzolowera msanga ndipo mantha sawachotsa, amangowaphimba. Ngati mukumwa tsiku ndi tsiku musasiye mwadzidzidzi, ena amakomoka nazo, kuchepetsa kwake akuuzeni adokotala.

Pitani sabata ino, mapilitsiwo muwatenge, mupemphe kuonana ndi a zaumoyo wa m'maganizo ndipo mufunse za chithandizo cha CBT, chomwe ndi chokambirana n'kuphunzira kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe ka zinthu. Sakuyambitsani ndi galu ayi, mwina muyamba ndi kumvera unyolo pa foni mpaka mtima utasiya kuthamanga. Ngati mukumalota za tsikulo kapena tulo sitikubwera mukanenenso, apime ngati si PTSD, vuto la m'maganizo lomwe limatsalira munthu akakumana ndi zoopsa.