Achimwene, musagulenso matiriki, mvetserani kaye

Achimwene ndaliwerenga funso lanu lija, mwati mwakhala mukupanga majiki zaka zitatu tsopano, mumaitanidwa mmapate ndi mmisonkhano ina, koma mukuona ngati mwaima malo amodzi ndiye mukufunsa kuti mugule kosi iti ya pa intaneti kapena mavidiyo a ndani kuti mukwere. Anzathu ena aponya kale malinki ambirimbiri, ine ndiyankha mwina, mwina simusangalala nazo poyamba koma ntchitoyi ndakalamba nayo ndiye ndingonena momwe ndikuonera basi.

Ndikufunseni kaye, muli ndi matiriki angati oti munthu atakudzutsani pakati pa usiku nkukupatsani makadi mmanja mungapange osaganiza nkomwe, uku mukucheza ndi munthuyo mukumuyang'ana mmaso? Ngati mukunena zoona mupeza kuti ndi atatu kapena anayi, pamene mu chikwama chanu mwadzadza zinthu mwina 40 zomwe munagula nkupanga kawiri nkuzisiya. Nanenso ndinadutsamo, matenda ake ndi omwewo tonse, timaona tiriki yatsopano pa vidiyo mtima nkumati ndikangokhala ndi imeneyi basi ndafika, ikabwera sabata imodzi yatha kukoma. Kuima komwe mukukumvako nthawi zambiri gwero lake nlimeneli, mukusintha zida pafupipafupi ndiye palibe chomwe chikukhwima mmanja.

Pali mkulu wina wa ku Canada, Dai Vernon, amatsenga anzake ankangomutchula kuti Professor, anabadwa 1894 nkumwalira 1992. Houdini, wamatsenga wotchuka wa ku America wodziwika ndi kudzimasula mu maunyolo, ankadzitama kuti tiriki iliyonse akaiona katatu aitulukira. Vernon ali mnyamata anamupangira ya khadi lomwe ulilowetsa pakati pa anzake koma limangopezeka pamwamba, anaibwereza kupitirira katatu konse ndipo Houdini anakanika. Tiriki imeneyo lero aliyense woyamba kumene amaidziwa, inunso mumaipanga ndikhulupirira, ndiye chomwe chinamugwetsa Houdini chinali kapangidwe kake. Vernon uja ukalamba wake wonse anathera ku Magic Castle ku Hollywood, kalabu ya amatsenga yomwe inatsegulidwa mu 1963, akukonzabe zinthu zomwezo zomwe anayamba ali mwana ndipo chomwe ankalimbikira kuuza achinyamata nchakuti dzanja lizioneka lachibadwa, likamabisa chinthu lizioneka chimodzimodzi ndi pomwe silikubisa kanthu. Tangoyesani lero, tembenuzani khadi limodzi lenileni kakhumi mukudzijambula, kenako pangani double lift yanu, kuja kotembenuza makadi awiri pamodzi ngati ndi limodzi, kakhumi, muonere. Ngati mukutha kusiyanitsa ndiye kuti oonera nawonso amamva kuti pachitika kanthu olo asadziwe kuti nchani.

Nde za kujambulazi ndiime pompa chifukwa mpomwe pali phindu lalikulu ndipo simulipira aliyense. Galasi ndi labwino pophunzira kagwiridwe koyamba koma limanamiza, mumaimirira pomwe pakukomerani inu, komanso ambirife timaphethira pa nthawi yeniyeni yomwe tikupanga chobisika chija osadziwa, maso amakana okha kuona cholakwa chawo, ndiye umachoka pa galasi ukuti zili bwino pamene sunaone. Foni ilibe chisoni. Iikeni kumanzere, mawa kumanja, tsiku lina pansi ngati mwana wakhala pansi akuyang'ana mmwamba. Ine zimenezi ndinaphunzira mochititsa manyazi, pa pate ya ana ndinali nditabisa kobiri mu chikhatho ndikulankhula monyada, kamtsikana kena kokhala kutsogolo kanangoloza nkufuula kuti ili mmanjamo iyo, anthu akuluakulu onse kuseka, ndipo sindikanakatsutsa chifukwa kuchokera pomwe kanakhala kankaionadi. Palm yanga, kabisidwe ka mu chikhatho kaja, inali yabwino kwa munthu woimirira basi, miyezi yonse ndinkayeserera ndi galasi la pa khoma.

Komanso siyanitsani zinthu ziwiri zomwe anthu amaziphatikiza. Pali kuyeserera kwa zala, mwakhala pa tebulo mukubwereza kachinthu kamodzi mpaka dzanja lizolowere, pang'onopang'ono osathamanga chifukwa ukayeserera mothamanga umangokhwimitsa zolakwa. Ndiye pali kuyeserera shoo yonse, mwavala zovala zomwe mukavale tsikulo, zinthu zili mmatumba momwe zikakhalire, mukulankhula mokweza mawu onse kuyambira moni mpaka kutsanzika, chikagwa pansi osaima, mutole mupitirize ngati pali anthu. Ambiri amapanga choyambacho chokha, nchifukwa chake pa siteji umaona munthu zala zili bwino koma akufufuza mthumba kusaka chinthu uku akuti eee, eee, dikirani pang'ono. Mphindi 30 tsiku lililonse zimaposa maola asanu Loweruka lokha, izi sindikukayika.

Za mabuku. Ndikudziwa kuti achinyamata mabuku simuwafuna, vidiyo ndiyosavuta, koma vuto la vidiyo ndi lakuti umatengera zonse, kaimidwe, nthabwala, mpaka kakwezedwe ka nsidze ka mwini wakeyo, mapeto ake tonse tikufanana ngati ana a bambo mmodzi. Buku limakuuza chala chipite pati, zotsalazo umadzaza wekha ndi umunthu wako, mpomwe sitayilo imabadwira. Ngati maziko a makadi munawadumpha, ndipo ambiri ophunzira pa YouTube anawadumpha, bwererani ku Royal Road to Card Magic la Hugard ndi Braue la 1948, kapena Card College ya Roberto Giobbi yomwe ili mmabuku asanu ndipo amafotokoza mwadongosolo ngati mphunzitsi wa mkalasi. Wa makobiri ndi J. B. Bobo, buku lake la 1952 mpaka pano silinathe ntchito. La Erdnase la 1902 lomwe Vernon ankalilemekeza kwambiri musathamangire, ndi lolimba, lidzakupezani. Koma pa msinkhu wanu wa zaka zitatu ine ndikanakonda muwerenge buku lomwe mulibe tiriki ngakhale imodzi, Strong Magic la Darwin Ortiz la 1994, limangokamba chifukwa chomwe tiriki imodzi yomweyo wina akapanga anthu amakuwa wina akapanga amangoti oh chabwino. Mutenge limodzi, mulimalize, osati kudawuniloda 20 nkuwasunga mu foni.

Sindikunyoza intaneti ayi, Shin Lim yemwe anapambana mpikisano wa pa TV wa America's Got Talent mu 2018 anayambira pa YouTube pomwepo. Koma kumbukirani kuti mnyamata uja anali woimba piyano, kukhala maola akubwereza chinthu chimodzi anali atakuzolowera kale, ndipo mukaonetsetsa shoo yake chomwe chimagwira anthu ndi nyimbo, kupuma, nthawi yomwe amasiya chinthu chikhale kaye osathamangira china.

Apa mpomwe ndimafuna ndifike kwenikweni. Robert-Houdin, wa ku France uja wokonza mawotchi yemwe Houdini anatengera dzina, analemba kalekale mzaka za m'ma 1800 kuti wamatsenga ndi wa zisudzo amene akusewera gawo la wamatsenga. Ndiye ngati muli ndi kandalama koti muphunzirire china chake chaka chino, ine ndikuti kalowe gulu la zisudzo kapena pezani wophunzitsa mawu ndi kayendedwe ka pa siteji. Akuphunzitsani kupuma, kutulutsa mawu omveka kumbuyo osakuwa, kuima osagwederagwedera, kudikira anthu amalize kuseka musanalankhule. Juan Tamariz wa ku Spain amaphunzitsa kuti zida zenizeni ndi zisanu, maso, mawu, manja, mapazi ndi thupi lonse, makadi akubwera pambuyo. Mapazi achimwene, ndani mwa ife anaganizapo kuti mapazi akuloza kuti pomwe akupanga tiriki? Koma oonera amatsatira komwe thupi lanu lalunjika.

Ndipo izi asayansi anaziyesa ndithu. Gustav Kuhn, yemwe ndi katswiri wa za maganizo komanso amapanga majiki, anafufuza tiriki ya mpira wosowa mmalere, munthu amaponya mpira mmwamba kawiri nkuwakha, kachitatu amangonamizira kuponya mpira uli mmanja koma maso ake nkutsatira mmwamba. Anthu ambiri amalumbira kuti auona mpira ukukwera nkusowa. Akapanga zomwezo maso ali pa dzanja, onamizika amachepa. Dzanja lomwelo, mpira womwewo, chomwe chasintha ndi koyang'ana basi. Misdirection, kusocheretsa maso a oonera, yomwe timaitchula tchutchutchu ija ndi imeneyi, ndipo siigulidwa mu paketi.

Lembaninso mawu anu onse pa pepala, liwu ndi liwu. Mudabwa kuchuluka kwa zopanda pake zomwe mumalankhula, zija zoti apa ndili ndi makadi wamba, tsopano ndikutenga khadi, tsopano ndikuika apa, anthu akuona kale ndi maso awo nde mukuwauziranji. Ndipo mawu oti wamba aja amangowadzutsa maganizo oti kani pali ena osakhala wamba. Dulani theka. Mukabwera ku shoo iliyonse musanagone lembani mu kope zinthu zitatu, pomwe anaseka, pomwe anayamba kuyang'ana mafoni awo, ndi chomwe wina ananena chomwe simunayembekezere, nthabwala zanga zabwino zambiri ndinazitola kwa oonera momwemo.

Tsopano za aphunzitsi ndi magulu, poti mwafunsanso. Munthu wokuonerani amene saopa kukukhumudwitsani ndi wofunika kuposa kosi iliyonse, abale ndi zibwenzi sathandiza, amangoti zinali bho. Pezani wamatsenga wamkulu kwa inu, mumutumizire vidiyo yosadula, mumuuze kuti asakunyengerereni, ndipo akanena musayambe kudziteteza, ingolembani. Magulu akuluakulu alipo, The Magic Circle ya ku London inayamba 1905 ndipo kuti ulowe umayesedwa kaye pamaso pa anzako, International Brotherhood of Magicians inayamba 1922 ndipo ili ndi timagulu mmaiko ambiri tomwe amatitcha ma Ring, Society of American Magicians ndi ya 1902, Houdini anakhalapo mtsogoleri wake. Masiku ano maphunziro ambiri a akatswiri amachitikanso pa Zoom ndiye mtunda si chifukwa kwenikweni. Sukulu zenizeni ziliponso, College of Magic ku Cape Town yakhala ikuphunzitsa kuyambira 1980, ndipo ku Las Vegas Jeff McBride ali ndi sukulu yake yomwe imatsindika kwambiri za kaonetsedwe. Ku Blackpool ku England kumakhala msonkhano waukulu February aliyense, koma ndikuchenjezeni, misonkhano yotere theka lake ndi msika, mukapita ndi matenda ogula aja mukabwerako chikwama chodzadza mutu uli momwemo. Mipikisano ya amatsenga a dziko lonse yotchedwa FISM imachitika zaka zitatu zilizonse, onerani omwe anapambana, koma poonera musamafunse kuti wapanga bwanji, muzifunsa kuti nchifukwa chani ndagwira mpweya pa mphindi iyi. Ndipo kuonera si chilolezo chokopera shoo ya munthu, dziko la amatsenga ndi laling'ono, mbiri yakuba imayenda msanga.

Ziwiri zachidule. Za moto, zodzimanga maunyolo mmadzi, zomeza malezala, musaphunzire pa vidiyo ngakhale pang'ono, Chung Ling Soo anali katswiri wa zaka zambiri koma anafa mu 1918 ku London tiriki yowakha chipolopolo italakwika. Chinanso, padzapezeka anthu okhulupirira kuti muli ndi mphamvu zenizeni, ena mpaka kukupemphani muwathandize pa mavuto awo, auzeni poyera kuti ndi luso la manja ndi masewera a maso. Nkhaniyi ndi yakale, Reginald Scot mu 1584 anachita kulemba buku loulula matiriki ena pofuna kuonetsa kuti anthu omwe ankawaganizira ufiti analibe mlandu.

Ndiye nditakhala inu miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi ndikanatere, kusankha matiriki asanu okha omwe anthu amawakonda kale, ena onse kutsekera mu katoni, kupeza malo oti ndizipanga sabata iliyonse pamaso pa anthu osandidziwa olo malipiro akhale ochepa, chifukwa tiriki imayamba kupsa ikadutsa mmaso mwa anthu kambirimbiri, pa ka 50 mpomwe umazindikira pomwe anthu amayang'ana, pa ka 100 mpomwe umadziwa chochita wina akagwira makadi mwadzidzidzi kapena akaiwala khadi lomwe anasankha, zomwe zimachitika kawirikawiri kuposa momwe mavidiyo amaonetsera. Kosi mudzagula pambuyo pake mutadziwa chenicheni chomwe chikukusowani.

Ngati mukufuna, jambulani tiriki imodzi yomwe mumaidalira kwambiri, kuyambira pomwe mukupereka moni mpaka kumapeto, osadula osaika nyimbo, kamera ikhale chammbali pang'ono ndipo mapazi azioneka, munditumizire ku inbox ndiione kumapeto kwa sabata.